Madontho Atatu a Mtovu

Aphunzitsi anabwera Loweruka masana, tsiku lomwe ndinawauza kuti asabwere. Ndinali nditangofika kuchokera kochapira zovala kumene ndimagwira ntchito, mapazi atatupa, zovala zathu zili tho m'beseni kundidikira. Munthu amene wachapa malaya a eni sabata yonse safuna mlendo Loweruka. Koma anagogoda, ndipo ndinatsegula.

"Ndinati musabwere."

"Munati mudzakhala mutatopa. Ndabwera kudzaona kutopako."

"Mwakuona. Njira ndi yomweyo."

Anaseka, n'kulowa ndi thumba la malalanje.

Bambo amenewa amaphunzitsa zamagetsi kusukulu ya mwana wanga wamkazi. Ana amawatcha a Fyuzi, chifukwa ndi oonda, ndipo akakwiya sakalipa, amangozima. Tinadziwana pa msonkhano wa makolo miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, tsiku lomwe anaimirira n'kutipempha kuti tisiye kumenya ana akamasula mawailesi. Anati mwana womasula wailesi akufunsa funso, ndipo mainjiniya onse anayamba choncho. Makolo anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa wanga anali atamasula kale wotchi, tochi, ndi foni ya malemu bambo ake. Potuluka anandiimitsa pakhomo n'kufunsa ngati ndine amake Injiniya. Ndi mmene amamutchulira mwanayo m'kalasi, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka kunyumba kuno.

Zitatero anayamba kutumiza mauthenga a pafoni, onena za mwana. Kenako onena za mwana pang'ono ndi za ine pang'ono. Kenako anayamba kubwera Loweruka lililonse limene mwanayo wapita kukawerenga kwa mnzake. Iye sankadziwa kanthu, ndipo sindinkafuna kuti adziwe asanamalize sukulu.

Anakhala pa tebulo n'kuyamba kundisendera lalanje.

"Ndatopa kubwera ngati wakuba, amake Injiniya."

"Wakuba wake uti wobwera ndi malalanje?"

"Ndikunena zoona. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Ndimatsika basi siteji isanakwane kuti anthu asandione. Ndiuzeni kuti eya, kapena ndiuzeni kuti ayi."

"Mwana ayambe wamaliza."

"Mwezi watha munati ayambe wamaliza kabokosi. Kabokosiko si aka, katha."

Kanali pomwepo pa tebulo, kakuda, kokwana m'manja awiri. Chaka chino koleji ya mainjiniya inalengeza kuti itenga mwana mmodzi pa sukulu iliyonse n'kumuphunzitsa ulere. Aliyense wofuna malowo anayenera kupanga chipangizo ndi manja ake, n'kukachionetsa Lolemba kwa aphunzitsi osankha. Wanga anapanga kabokosi kozimitsa nsimbi ikaiwalika. Nzeruyo ndinamupatsa ndine osadziwa, chifukwa kawiri konse ndinasinza ndikusita, ndipo kachiwiriko bulangete linapsa. Miyezi inayi anakhala pa tebulo limeneli akuwotcherera timawaya pa kabolodi kobiriwira, nyumba yonse ikununkha utsi wa mtovu, zala zili matuza okhaokha. Akaphonya malo amenewo, ine ndilibe china chomupatsa. Adzaima pambali panga kochapira zovala, ndipo ndikudziwa mmene mapazi ake adzaonekere akadzafika zaka zanga.

"Ndikayanike zovala," ndinatero, pothawa funso.

Sindinachedwe panja. Malaya asanu ndi limodzi ndi nsalu za pabedi ziwiri. Pobwerera, fungo lija linandichingamira pakhomo. Kabokosi kanali kotsegula, kabolodi katatembenuzidwa, ndipo aphunzitsi anali atawerama ndi chowotcherera cha mwana wanga m'dzanja lawo lamanzere, lilime lili pakati pa mano.

"Mukutani?"

"Palibe. Timiyendo titatu ta waya iti sitinagwire bwino. Taonani, mtovu wake ndi wotuwa, wosasalala. Kakagwedezeka m'basi kakhoza kukazima pamaso pa osankha."

"Si ntchito yanu imeneyo."

"Ndikudziwa. Ndimangofuna kuona, koma dzanja lapita lokha. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuona cholakwika n'kukonza. Madontho atatu okha, amake Injiniya. Akanandionetsa m'kalasi akanakonza yekha, koma Lolemba ndi mkuja."

Anauzira kabolodiko n'kundionetsa. Pakati pa madontho otuwa ambirimbiri panali atatu owala ngati siliva. Ndikanawauza kuti achotse. Ndikanamuuza mwana atangofika. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinaona madontho owalawo ndipo mtima unakhala pansi, poganiza kuti tsopano kabokosi sikakazima. Anatseka, anamanga bwinobwino, n'kukabwezera pamalo pake. Amene anatsegula mawindo kuti fungo lituluke ndine.

* * *

Alamu anga, mlongo wa malemu mwamuna wanga, sagogoda. Amangokankha chitseko n'kuyamba kulankhula adakali pakhonde. Anawapeza aphunzitsi akusamba m'manja m'khitchini mwanga.

"Kani tili ndi alendo odziwa pamene pamakhala sopo."

"Ndi aphunzitsi a mwana, alamu."

"Ndawadziwa. Si amene amauza atsikana kuti azikwera mapolo a magetsi? Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, mayi, kaya inu?"

"Ine ndinali bwino."

Aphunzitsi anazima pomwepo. Anatsazika ndi mawu osamveka, anaiwala chipewa, anabwerera, anachitenga, anapita. Alamu anakhala pa mpando umene unali wa mchimwene wawo n'kutenga lalanje lomwe anandisendera lija.

"Mchimwene wanga watha zaka zinayi zokha m'manda."

"Zakazo ndimawerenga ndine, alamu."

"Ndiye mwana mwamupereka kwa munthu wa mawaya, inunso mwadzipereka komweko. Mwaziona zala zake mwanayo? Ngati za wowotcha makala. Adzamukwatira ndani mkazi wonunkha utsi? Ndinati abwere kwanga ndimuphunzitse kusoka, makina alipo awiri, enawo akungodya fumbi. Inu ayi, akhale injiniya. Pa mtundu wathu injiniya wamkazi munamuona kuti?"

"Ayamba ndi iyeyo."

"Kapena ndi chibwenzi chanuchi chimene chikumupatsa malikisi?"

Ndinawauza kuti ndikufuna kupumula. Anatenga malalanje awiri n'kuponya m'chikwama. Ali pakhomo anati abale onse amva nkhaniyi sabata isanathe, ndipo mwana wa mchimwene wawo sadzaleredwa ndi munthu wotsika basi siteji isanakwane. Apo m'pamene ndinadziwa kuti alamu sikanali koyamba kuwaona aphunzitsiwo.

* * *

Lolemba poweruka ndinamupeza mwana wanga atakhala pakhonde, yunifolomu ili m'thupi, m'manja mulibe kanthu.

"Kabokosi kali kuti?"

"Atsekera mu ofesi ya ahedi."

Anadzuka n'kulowa, ine pambuyo. Anakaima tsidya lina la tebulo ngati tili m'khoti.

"Kanagwira ntchito, amayi. Nsimbi inazima yokha katatu konse. Ahedi anaomba m'manja. Kenako Madamu a masamu anati nditsegule aone m'kati."

Madamu a masamu ndinkangowamva mbiri. Ndi amene anayendetsa kalabu ya zamagetsi limodzi ndi aphunzitsi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sukulu yonse inkayembekeza ukwati wawo. Aphunzitsi anandiuza kuti panalibe chilichonse, ankangodyera limodzi masana. Amuna amatero. Mkazi sanyamula mbale ziwiri zaka zisanu ndi chimodzi popanda chilichonse. Mwana anapitiriza.

"Anatembenuza kabolodi, anatenga galasi lokulitsa zinthu. Anati awa ndi ako, awa ndi ako, awanso ndi ako, koma atatu awa mwini wake ndikumudziwa. Ati mtovu wake wapendekera mbali inayo, wowotchererayo ndi wamanzere, ndipo pa sukulu pano wamanzere wa dzanja losalala chonchi alipo mmodzi."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinalumbira. Ndinati palibe amene anakakhudza, sikanatuluke m'nyumba mwathu chiyambireni kukapanga. Ndinalumbira potchula bambo anga, anthu onse akumva. Ndinacheukira a Fyuzi kuti andikhalire kumbuyo. Anangoyang'ana pansi." Anakweza maso. "Kabokosi sikanatuluke m'nyumba muno, amayi. Ndiye anawotcherera ali pati?"

Ndinakhala pansi. Ndinamuuza zonse, ndipo sizinali zitalizitali. Msonkhano wa makolo, mauthenga, ma Loweruka. Ndinayembekeza kuti alira kapena akalipa. Analankhula motsitsa, ngati akundifotokozera phunziro.

"Timiyendo timene tija ndinkatidziwa. Ndinatiyeza ndi mita ya magetsi kasanu, tinkagwira. Mtovu wake unali wonyansa, koma unali wanga. Mukanangondiuza, ndikanachotsa wawowo Lamulungu n'kubwezerapo wanga wonyansawo."

"Ndinaopa."

"Munaopa chiyani?"

"Kuti udziwa."

"Ndiye pano sukulu yonse ikuti ndine wabodza." Anandiyang'ana m'maso. "Ndifunse, amayi. Pamene ankanditcha Injiniya, ankanena ine, kapena ankafuna njira yolowera muno?"

"Anayamba kukutcha asanandione ine."

"Mukudziwa bwanji? Chifukwa anakuuzani iwo?"

Analowa kuchipinda, ndinamva akutsegula kabati, ndipo anatuluka ndi chikwama.

"Ndikupita kwa azakhali."

"Azakhali ako akakukhazika pa makina osokera."

"Bola kumeneko. Msoko ukakhota udzakhala wanga."

* * *

Foni inayamba kulira mwana asanafike n'komwe pa msewu.

"Ndalakwa. Mundilole ndifotokoze."

"Amake Injiniya, yankhani."

"Mwanayo ndi waluso kuposa ana onse amene ndinawaphunzitsapo. Sindilola kuti ataye malo chifukwa cha ine."

"Ndikonza zimenezi, mundikhulupirire."

Wotsirizawo ndi umene ndinayankha. Ndinalemba kuti asakonzenso china chilichonse, akonza zokwanira.

Sanamve. Lachiwiri poweruka ndinawapeza pa siteji ya basi akundidikira, maso ofiira, tayi itakhota.

"Ndapereka kalata kwa ahedi."

"Kalata yanji?"

"Ya zoona zokhazokha. Kuti madontho atatu ndi anga, ena onse ndi a mwana, ndipo iye sankadziwa. Kuti ndinali m'nyumba mwanu chifukwa timakondana, ndipo ndikufuna kukukwatirani."

Basi yanga inafika, inanyamula anthu, inapita.

"Mwandifunsira kwa ahedi?"

"Ndimafuna kuyeretsa dzina lanu."

"Ine mwini wake ndisanayankhe, ayamba kuwerenga ndi ahedi. Mwina ayankhanso ndi iwowo."

"Mukanakonda kuti ndiname?"

"Ndikanakonda kuti mufunse. Kabokosi simunafunse, kalata simunafunse. Mumangoona chinthu n'kuyatsa chowotcherera."

"Ndimakukondani, amake Injiniya. Njira ina yokondera munthu sindiidziwa."

"Mwana wanga wagona kwa azakhali ake. M'mawa uno ndayala bedi loyala kale."

Anagwira dzanja langa pamaso pa anthu onse a pa siteji, ndipo sindinalichotse msanga. Manja awo ndi ofunda, okhakhala ku nsonga za zala, ndipo kwa zaka zinayi panalibe amene anagwira langa popanda kufuna kuti ndimupatse kanthu. Ndikanakhala ndekha pa dziko ndikanati eya pomwepo, utsi wa mabasi uli m'maso. Koma sindili ndekha.

"Atiitana mawa m'mawa," anatero. "Inu, ine, ndi mwana yemwe. Zitha bwino, muona. Munthu akanena zoona zonse, palibe chomugwira."

Anthu ophunzira amakhulupirira zinthu zodabwitsa.

* * *

Sindinapite kunyumba. Ndinakwera basi ina ya kwa alamu. Anandiona ndikadali pa geti, n'kudzaima pakhomo, thupi lonse litatseka chitseko.

"Akuti sakufuna kukuonani."

"Wadya?"

"Kwanga anthu amadya."

"Ndingomuona nkhope, alamu. Sindilankhula."

"Nkhope yake ili bwino. Chovuta ndi manja. Ndinamusiya m'mawa kuti aphunzire kulowetsa ulusi, ndabwera ndapeza makina anga aja ali zidutswazidutswa pa mphasa. Ati amafuna kuona chimene amalirira. Ndi matenda amenewa, mlamu, ndipo mwamupatsira ndi inu ndi a Mawaya anuwo."

"Wawabwezera?"

Alamu anayang'ana kumbali. "Wabwezera. Asiya kulira. Koma si nkhani yake imeneyo."

Kuseri kwa katani ndinaona mthunzi wa mutu wake. Ndinaitana kamodzi. Mthunziwo unachoka.

"Mawa ndibwera naye ndine kusukuluko," anatero alamu. "Mwana ameneyu ali ndi abale. Inu kazipitani mukapumule, mwatopa ndi zambiri."

* * *

Lachitatu ndinapempha theka la tsiku kuntchito. Pa benchi ya kunja kwa ofesi panali mwana wanga ndi azakhali ake. Mwana ankayang'ana nsapato zake, chikwama chili pa miyendo. Ndisanamulankhule, mayi wina wa magalasi, wovala bwino, anandigwira pa mkono mofatsa n'kupita nane kuseri kwa kalasi.

"Ndinu amake Injiniya? Ine ndi uja wa masamu. Musandione ngati mdani, mayi. Mwanayo ndimamukonda, masamu amakhoza bwino."

"Mukanamukonda mukanamufunsira kumbali."

"Ntchito ndi ntchito." Anatulutsa pepala m'chikwama. "Madontho atatu si mlandu waukulu. Tikhoza kumukhazika pa tebulo, achotse, awotchererenso tikuona, nkhani yatha. Ndamuuza kale iye kuti akonzekere zimenezo. Vuto ndi kalata ya anzanuwo. Tawerengani apa, lamulo lachisanu ndi chiwiri."

Linali pepala la malamulo a koleji. Ndinawerenga kawiri, chala chili pansi pa mzere. Mwana wa mphunzitsi wa phunzirolo, kapena wa mkazi wake, kapena wa amene akufuna kukwatirana naye, saloledwa kupikisana nawo.

"Iwo sakulidziwa lamuloli?"

"Amene aja? Zaka zisanu ndi chimodzi mapepala onse a kalabu ndinkawerenga ndine. Iwo amawerenga mawaya basi." Anapinda pepalalo bwinobwino. "Ndiye kalata ija ikakhala yoona, mwana watuluka lero lomwe. Koma ikakhala kuti ndi maloto a munthu mmodzi, inu simukuzidziwa, imeneyo ndi nkhani ina. Sindikukuuzani chochita. Inenso ndine mkazi."

Ndinawathokoza. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinawathokoza.

* * *

Mu ofesi tinalimo asanu: ahedi, Madamu, aphunzitsi, alamu anga ndi ine. Mwana anamusiya pa benchi. Kabokosi kanali pa desiki, chivindikiro pambali. Ahedi ndi bambo wachikulire, wooneka wotopa ngati ine ndemwe. Anawerenga kalata mokweza, mawu onse, ndipo atafika pa za ukwati alamu anatsokomola.

"Mayi, zimene zalembedwa apazi n'zoona?"

Aphunzitsi anandiyang'ana akumwetulira pang'ono, ngati mwana wodikira kuyamikiridwa. Ine ndinayang'ana kabokosi.

"Ayi."

"Simuli pa ubwenzi ndi bambo awa?"

"Ayi. Ndimawadziwa ngati mphunzitsi wa mwana wanga basi. Mwina ndi maganizo awo. Ine sindinawalonjezepo kanthu."

Mawu otsirizawo anali oona, ndipo ndi amene anawalasa. Ndinaona nkhope yawo ikuzima pang'onopang'ono, kuyambira pakamwa. Sanatsutse. Anaika manja pa mawondo n'kumawayang'ana.

Ahedi anausa moyo. Analemba mawu anga pa pepala, anandiwerengera, ndinasaina. Ndinadziuza kuti malo a mwana apulumuka, ndipo kulira ndikalirira kunyumba.

"Ndiye mwana akhoza kuwotchereranso lero, tonse tikuona," anatero ahedi.

"Ndisanavomere, bwana, ndili ndi kafunso." Anali Madamu, ndi mawu ofatsa omwe aja. "Aphunzitsi avomera okha kuti analowa m'nyumba ya mwana wasukulu Loweruka. Azakhali awa andiuza panja paja kuti awaonapo ma Loweruka ambiri akutsika basi kufupi ndi nyumbayo, mozemba. Mayi asaina kuti sankabwerera iwo. Mayi, m'nyumbamo mumakhala anthu angati?"

Ndinamva kumene funsolo likupita lisanathe. Ngati sankabwerera ine, ndiye kuti ankabwerera mwana wanga.

"Awiri. Koma mwana kunalibe. Alamu, auzeni, munabwera inu, mwana kunalibe."

Alamu anakonza mpango wawo.

"Ine ndinapeza bambo akusamba m'manja m'khitchini. Kuchipinda sindinasuzumireko."

Aphunzitsi anaimirira, mpando unagwa.

"Madamu, inu mukundidziwa. Zaka zonsezi. Mukudziwa kuti sindingachite zimenezo."

"Ndinkayesa kuti ndikukudziwani," anatero Madamu, akupukuta magalasi.

Ahedi anatenga kabokosi, anakaika mu kabati, anakhoma.

"Apa nkhani yasintha. Si ya mawayanso, ndipo si ine ndekha amene ndingaiweruze. Aphunzitsi, makiyi a chipinda cha zamagetsi musiye pano, mukadikire kunyumba. Dzina la mwana silipita ku koleji mpaka zonse zitafufuzidwa."

"Mayina akutseka Lachisanu," ndinatero.

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndanama, bwana. Amabwerera ine. Miyezi isanu ndi iwiri."

"Mwanama liti? Poyamba paja, kapena panopa?" Anakweza pepala lomwe ndinasaina.

"Ngati zoona ndi za panopazi," anatero Madamu, "lamulo lachisanu ndi chiwiri lili apa."

Foni inali kale m'dzanja langa. Mauthenga onse anali mmenemo, kuyambira woyamba, sindinafufutepo ngakhale umodzi. Ndikaipereka, malo apita. Ndikaibweza m'thumba, mwana wanga ayenda m'misewu ndi dzina limene sadzalichapa mpaka kukalamba. Ndinaiika pa desiki.

Ahedi sanaitsegule. Anaiponya m'dilowa pamodzi ndi makiyi.

"Adzawerenga ndi ofufuza. Azakhali mutsale. Mayi, inu mwanena zanu, kadikireni panja. Mumuuze mwanayo alowe."

Aphunzitsi anatuluka patsogolo panga osandiyang'ana, n'kulunjika ku geti, mapewa atagwa. Mwana wanga anaimirira pa benchi atandiona. Anali atatsegula chikwama, ndipo m'dzanja anali atagwira chowotcherera chake, waya atakulunga bwinobwino. Anandilankhula koyamba chichokereni Lolemba.

"Amayi, ndilowe ndi changachi, kapena andipatsa cha sukulu?"

Anayankha ndi ahedi, ali m'kati.

"Chimenecho siya panja, mwana wanga. Lowa, utseke chitseko."

Anandiyang'ana, akudikira kuti ndimuuze chifukwa chake. Kenako anandipatsa chowotchereracho m'manja, n'kulowa. Ndinakhala pa benchi pamene anakhala iye, ndipo ndinamva ahedi akumufunsa zaka zake.